Ankolo, ndipange pulojekiti yanji?

Foni inalira cha m'ma 9 koloko usiku ndikadali mushopu, ndikupinda mapulogalamu a maliro okwana 150 amene amafunika m'mawa mwake ku Ngabu, fani ikungozunguza mphepo yotentha ija ya mu Novembala, thukuta lili kamukamu. Anali mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za makompyuta ku yunivesite ina kumtunda uko ndipo ali chaka chomaliza. Akuti ankolo, atiuza kuti tibweretse mutu wa pulojekiti sabata ya mawa, nde ndikuganiza zopanga system ya sukulu, yolembera maina a ana ndi mafizi. Ndinamufunsa kuti nanga anzako akupanga chani? Akuti wina system ya chipatala, wina ya famase, wina ya hostel, awiri ya sukulu. Nde iwe ukhale wachitatu? Anakhala kaye chete.

Sikuti ma system amenewo ndi oipa ayi, mwana amaphunziramo database ndi login ndi zina zotero. Koma tonse tikudziwa komwe ambiri amathera. Mamalikisi akangotuluka pulojekiti ija imagona mu fulashi, fulashiyo n'kusowa, basi, palibe olo sukulu imodzi imene inaigwiritsapo ntchito. Ndinamuuza kuti dikira ndimalize kupinda mapepalawa ndikuimbira, ndipo titayambiranso tinacheza mpaka bandulo inatha. Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndi zimene ndikulemba panozi, poti ana ngati iyeyu alipo ambiri ku MUBAS, ku MUST, ku Zomba, ku Mzuni, ndipo funso lake limakhala lomweli chaka ndi chaka.

Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta kuno ku Nchalo. Zimene zimadutsa m'manja mwanga ndi mapulogalamu a maliro ndi a ziliza, makhadi a ukwati ndi chinkhoswe, timabuku ta nyimbo za kwaya, masatifiketi a maphunziro a masiku atatu aja, mayeso a ku pulayimale, timakhadi ta banki m'khonde, zikalata zomata pamtengo. Aliyense amabwera akuthamanga, makamaka a maliro, poti kuno kutentha kwake thupi silidikira. Anzanga ambiri a ntchito imeneyi, kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje boma, amayala masamba awo mu Word, ena mu Publisher, odziwa kwambiri mu CorelDRAW, ndipo tisanamizane, makope ambiri ndi ongopatsana pa fulashi, amabwera ndi mavairasi ake omwe. InDesign, pulogalamu ya kampani ya Adobe, ndi yabwino koma chiyambire 2013 Adobe imagulitsa mapulogalamu ake atsopano mwa lendi, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo ife timayenera kupeza madola, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komanso Microsoft inalengeza kuti Publisher isiya kuisamalira mu Okutobala 2026. Nde ganizani mafayilo onse a .pub amene ali m'makompyuta a m'matchalitchi ndi m'masukulu muno.

N'chifukwa chake ine ndinasamukira ku Scribus. Kwa amene simunaimvepo, ndi pulogalamu yoyalira masamba, ya magazini, mabuku, makhadi, mapositala, ntchito imodzimodzi ngati ya InDesign kapena Publisher, koma yaulere ndipo code yake, malangizo olembedwa amene amaiyendetsa, ili poyera pansi pa laisensi ya GPL, kutanthauza kuti aliyense akhoza kuiwerenga, kuisintha n'kugawira anzake mosaba. Anaiyamba ndi Franz Schmid wa ku Germany mu 2001, inalembedwa m'chiyankhulo cha kompyuta cha C++ ndi zida za Qt, imayenda pa Windows, Linux ndi Mac, ndipo version 1.6 inatuluka kumayambiriro kwa 2024. Imatulutsa PDF yoti makampani akuluakulu osindikiza ku Blantyre amalandira bwinobwino, ya CMYK, mitundu inayi ya inki yosindikizira, komanso ya muyezo wa osindikiza wa PDF/X. Imatsegulanso mafayilo a Publisher ndi a CorelDRAW ngakhale nthawi zina zinthu zimasuntha pang'ono, mumayenera kukonza. Sifuna intaneti, sifunsa login. Chinthu chimenechi ndinachiyamikira kwambiri mu 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira konkuno ku Chikwawa, magetsi akubwera mwa apo ndi apo, netiweki nayo ikuthawa, ine ndikugwira ntchito pa laputopu ndi batire la sola.

Koma Scribus sinapangidwe ndi munthu amene anayalapo mbiri ya malemu m'Chichewa. Apa ndi pamene pali ntchito ya ana athu.

Ndiyambe ndi chimene chimandipweteka kwambiri, kudula mawu kumapeto kwa mzere. Pulogalamu ya maliro imakhala pepala la A4 lopindidwa pakati, nde tsamba lililonse ndi A5, laling'ono, ndipo pambali pa chithunzi mzere umatsala waufupi kwambiri. Mawu athu ndi ataliatali, anakhumudwitsidwa, sanadzabwererenso, akuluakulu, ndikukuthokozani. Mukati mizere ifanane mbali zonse ziwiri, pamzere pamalowa mawu awiri okha n'kutsala dzenje lalikulu pakati ngati munda umene mbewu sizinamere. Mankhwala ake ndi kulola kompyuta izidula mawu, koma imadula motsata malamulo a chiyankhulo chimene mwaiuza, ndipo ngati mwasiya pa Chingerezi imadula Chichewa ngati Chingerezi. Tsiku lina ndinapulinta mbiri ya mayi wina wachikulire, m'menemo munali mawu akuti asiya ana 6 ndi zidzukulu 19, ndipo mawu oti zidzukulu anaduka kukhala zidz pamzere wina, ukulu pamzere wotsatira. Ine sindinaone, kunali kothamanga. Patatha masiku angapo bambo amene anawerenga mbiriyo pasiwa anadzera pashopu, sanakalipe ayi, anangoti mwana wanga, ndinapunthwa pamaso pa anthu powerenga za mlongo wanga, mawu aja munawadula pakati pa fupa. Mpaka lero ndimawakumbukira. Kuyambira pomwepo ndimadula ndekha pamanja mzere uliwonse, ndipo kasitomala akati onjezerani dzina limodzi, mizere yonse imasuntha ndiyambirenso.

Chimene ndinamuuza mwana uja n'choti vuto limeneli lili ndi njira yake yodziwika kale. Scribus imadula mawu pogwiritsa ntchito kafayilo ka malamulo, kamtundu womwewo kamene LibreOffice, pulogalamu yaulere yofanana ndi Microsoft Office, imagwiritsa ntchito, ndipo nzeru yake inachokera kwa Frank Liang amene anailemba mu 1983 ku Stanford, yopangira TeX, pulogalamu yoyalira mawu ya Donald Knuth. Mufayilomo mumalembedwa tizidutswa ta mawu tokhala ndi manambala pakati pa zilembo. Nambala ngati 1, 3, 5 ikutanthauza kuti apa dula, nambala ngati 2, 4 ikutanthauza kuti apa usadule, ndipo zikakumana yaikulu ndi imene imapambana. Chingerezi chimafuna tizidutswa masauzande chifukwa kalembedwe kake n'kosokonekera. Chichewa ayi. Tonse tinaphunzira mu Sitandade 1, ba be bi bo bu, mphatikizo wathu umathera pa lembo la liwu. Nde mutangolemba mizere isanu, a1, e1, i1, o1, u1, mwathana kale ndi mawu ochuluka zedi, zi-dzu-ku-lu, chi-sa-nkho, Chi-kwa-wa, Nsa-nje. Muonjezere lamulo loti kumayambiriro kapena kumapeto kusatsale chilembo chimodzi chokha, mwafika patali.

Iye anati aa ankolo, imeneyo si pulojekiti, ndi ya mphindi khumi. Ndinati dikira, kokoma kwake kuli kutsogolo. Tenga m uja amene amaima payekha. Mu mphaka, m ndi ph ndi chinthu chimodzi, sungazilekanitse. Koma mu mpando, mtengo, mkaka, m uja ndi mphatikizo payekha, mu wofupikitsidwa, nde pampando ndi pa-m-pa-ndo, ndampatsa ndi nda-m-pa-tsa. Taona, pamene pali h ndi pamene palibe h zikusiyana, ndipo lamulo limeneli likhoza kulembedwa mufayilo muja, m1p kenako m2ph kuti mph asaduke. Nanga mbale yodyera ndi m'bale wako? Chimasiyanitsa ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja basi. Nanga ng'ombe, ng'oma, pang'ono, pamene kachizindikiro komweko ndi mbali ya chilembo ndipo sipoyenera kudula olo pang'ono? Ndiye pali maina ndi mawu achilendo amene timasakaniza m'zolemba zathu tsiku ndi tsiku, Blantyre lamulo lathu lingamudule kuti Bla-ntyre, Standard n'kukhala Sta-ndard, zimenezo zimafuna mndandanda wake wapadera. Ndipo malo ena ofunika kukafunsa akatswiri a chiyankhulo, monga a ku Centre for Language Studies ku Zomba, kuti kodi chovomerezeka ndi nda-mpatsa kapena ndam-patsa. Mwana wa kompyuta kukakhala pansi ndi mphunzitsi wa Chichewa, ine ndikuona kuti pamenepo m'pamene pali sukulu yeniyeni.

Ndipo kuno kwathu sitingalekere pa Chichewa chokha. Ambiri mwa makasitomala anga kunyumba amayankhula Chisena, nyimbo za kwaya zambiri zimene ndimataipa ndi za Chisena, pyonsene, pinthu, mbuto, takhuta. Mphatikizo wa Chisena nawonso umathera pa lembo la liwu, nde maziko ndi omwewo, koma kalembedwe kamasiyana, a kuno amalemba motsamira ku Chichewa pamene mabuku ochokera tsidya la Mozambique amalemba Cisena, ch wathu ali c. Munthu wochokera ku Tengani kapena ku Marka amene akudziwa zonse ziwiri ndipo akudziwanso Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndani wina padziko lonse amene angagwire ntchito imeneyi kuposa iyeyo?

Kachizindikiro kam'mwamba kaja kalinso ndi vuto lina limene anthu saliona. Pakompyuta tilipo tiwiri, kowongoka kamene kamatuluka pa kiyibodi ndi kopindika kamene Word imaika yokha. Kasitomala amatumiza theka la nkhani pa WhatsApp, theka lina mu Word, nde mutsamba limodzi m'mudzi walembedwa mitundu iwiri, mukamasaka mawu kompyuta imapeza ena n'kusiya ena. Palinso ŵ wa mu Malaŵi amene akuluakulu ena amaumirira kuti alembedwe, koma mafonti ambiri okongoletsa aja alibe, papepala pamangotuluka kabokosi kapena malo opanda kanthu. Mafonti aulere ngati Charis, Gentium, Andika ndi Noto ali naye. Ka script, kapulogalamu kakang'ono, kamene kangadutse mu document yonse, n'kufananitsa tizizindikiro tija, n'kukuuza kuti fonti iyi ilibe chilembo ichi patsamba lakuti, ndi kanthu kakang'ono koma ine ndingakagwiritse ntchito tsiku lililonse.

Chachiwiri chimene tinakambirana nthawi yaitali ndi chomwe ndinkachita usiku umenewo, kupanga kabuku. Amene simunapindepo pulogalamu mwina simudziwa kuti masamba sapulintidwa motsatana. Kabuku ka masamba 8 kamafuna mapepala awiri a A4. Pepala loyamba kumaso kwake kumakhala tsamba 8 kumanzere ndi tsamba 1 kumanja, kuseri kwake 2 ndi 7. Pepala lachiwiri 6 ndi 3, kuseri 4 ndi 5. Mukaphatikiza manambala a masamba awiri oyandikana nthawi zonse yankho ndi 9, kutanthauza chiwerengero cha masamba kuonjezera 1, ndipo masamba onse ayenera kugawika ndi 4, akakhala 10 muonjezere awiri opanda kanthu akwane 12. Scribus ilibe batani loti mungodina lizipanga zimenezi lokha. Anthu amatulutsa PDF n'kukaidutsitsa mu pulogalamu ina, ena Adobe Reader, a pa Linux ali ndi pdfjam. Zimatheka, koma zida zimenezo zimayenda bwino ngati pulinta yanu imatembenuza yokha pepala. Zathu zambiri kuno ayi, umapulinta mbali imodzi, n'kunyamula mulu wonse, n'kuutembenuza, n'kuubwezera mu tireyi, ndipo ukangotembenuza molakwika mapepala 150 apita, ndi mmene limu ya mapepala yakwerera mtengo masiku ano, ndiponso tona timachita kukagula ku Blantyre kukwera Thabwa.

Nde pulojekiti yake nayi. Script yoti uiuze kuti masamba ndi angati, iyo ionjezere opanda kanthu pamalo oyenera, itulutse mafayilo awiri, la kumaso ndi la kuseri, ndipo poyamba ipulinte kapepala kamodzi koyesera kokhala ndi muvi kuti idziwe mmene pulinta yako imakokera pepala, ikumbukire, mawa isakufunsenso. Amene akufuna kulowa mozama awerengere zimene zimachitika kabuku kakanenepa, poti mukapinda mapepala 12 pamodzi a mkati amatulukira kunja, podula ndi gilotini malire a masamba a pakati amachepa, nde zolembazo zimayenera kusunthidwa pang'onopang'ono kulowera kumsana malinga ndi kukhuthala kwa pepala. Masamu ake ndi okoma, ndipo zotsatira zake munthu amazigwira m'manja. Aonjezerenso kuyala makhadi a ukwati anayi kapena asanu ndi atatu papepala limodzi ndi timizere tosonyeza podula.

Ubwino wake zonsezi sizifuna kuti uyambe ndi C++. Scribus ili ndi Python mkati mwake, version 1.6 imagwiritsa ntchito Python 3, umangopita pa menu ya Script n'kuthamangitsa fayilo yako, ukhoza kupanga masamba, kuika mabokosi a mawu, kusintha mitundu, kutulutsa PDF, ngakhale kuithamangitsa osatsegula windo lake n'komwe. Fayilo ya Scribus yomwe, ija yothera ndi .sla, mkati mwake ndi XML, mawu owerengeka ndi maso, ukhoza kuitsegula mu Notepad n'kuwerenga. Kwa mwana amene laputopu yake ndi yogula kale kwa munthu, RAM yochepa, kumanga code yonse ya C++ kungamutengere nthawi yaitali magetsi n'kuthimanso pakati, nde ayambe ndi Python, akazolowera ndi pamene alowe mkatikati.

Masatifiketi ndi ma ID ndidutsapo mwachangu poti chilipo kale chida chotchedwa ScribusGenerator, umakonza tsamba limodzi n'kuika mawu ngati %VAR_dzina% pamalo a dzina, icho chimatenga maina mu fayilo ya CSV, mndandanda wa m'mizere ngati wa mu Excel, n'kutulutsa satifiketi ya aliyense. Chimagwira ntchito. Chosowa ndi kuchifewetsa kuti mlembi wa pasukulu amene sadziwa kuti CSV n'chani athe kuchigwiritsa ntchito kuchokera mu Excel, komanso dzina likatalika kwambiri lizichepa lokha m'malo moti chilembo chomaliza chisowe. Mu Python ya Scribus muli kale njira yofunsira ngati mawu asefukira m'bokosi. Ndipo maina a anthu azikhala pakompyuta pomwepo, osati kumawakweza pa webusaiti yachilendo kuti ikupangireni makhadi, makamaka akakhala maina a ana kapena a anthu olandira chithandizo.

Koma pali china chimene ndikachiganiza mtima umandiwawa, ndipo munthu amene sanakhaleko kuchigwa kuno sangachiganizire. Madzi osefukira ife si nkhani ya pa wailesi. Januwale 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, aliyense kuno ali ndi chake chimene anataya, ndipo anthu a ku Makhanga ndi ku East Bank akudziwa bwino zimene Shire ndi Ruo amachita akakumana atakwiya. Nthawi ina mvula isanayambe anandibweretsera positala yochenjeza anthu, yokonzedwa kutauni ndi bungwe lina, yokongola kwabasi pakompyuta, mapu a dera, malo oopsa ofiira, malo okwera othawirako obiriwira. Koma ndalama imene analipo inali ya fotokope yakuda basi. Titatulutsa, kufiira kuja ndi kubiriwira kuja zonse zinasanduka phulusa lofanana, kothawira ndi kothawa osasiyana. Ndinakhala pansi ndi bolopeni n'kujambula timizere pa malo oopsa pa kope yoyamba, n'kuchita fotokope imeneyo. Amene anaikonza sanalakwe dala, sanadziwe kuti pepala lawo likathera pa makina otani.

Scribus ili ndi chida chimene chimafufuza document usanatulutse PDF, chimakuuza ngati chithunzi chili chosaoneka bwino, ngati mawu asefukira, ngati chilembo chikusowa mu fonti. Ndi chothandiza, makamaka pa zithunzi za malemu zimene zimabwera zitadutsa pa WhatsApp kanayi. Koma sichifunsa funso lathu, loti kodi ichi chikachitidwa fotokope yakuda chiwerengeka? Mwana akhoza kulemba script yotenga mtundu uliwonse patsamba, n'kuwerengera kuwala kwake, fomula yake ndi yodziwika, 0.299 ya kufiira, 0.587 ya kubiriwira, 0.114 ya buluu, ndipo mitundu iwiri yoyandikana ikapezeka kuti ikufanana ichenjeze, kapena isinthe wina ukhale timizere kapena timadontho. Iwerengerenso kuti tsambali lidya tona wochuluka bwanji, poti madizayina a kutauni amakonda kudetsa tsamba lonse mawu n'kukhala oyera, ife kuno timalira. Pamwamba pake akonze matempuleti okonzeka kale a Chichewa ndi Chisena mbali ndi mbali, a madzi osefukira, a kolera monga tinaonera mu 2022 ndi 2023, oti wa zaumoyo kapena mlembi wa mfumu angosintha dzina la mudzi ndi tsiku.

Mwana wa achemwali uja anafunsa za spellcheck, chida chopezera mawu olembedwa molakwika. Ndinati imeneyo ndi ng'ombe yonse, osati ndiwo za tsiku limodzi. Scribus imagwiritsa ntchito Hunspell, yomwenso ili mu LibreOffice ndi Firefox, ndipo Hunspell inapangidwira Chihangare, chiyankhulo chimene nachonso chimamata tizidutswa tambiri pa mawu amodzi, nde maziko alipo. Koma mneni wathu ali ndi zipinda zambiri, si-ndi-na-ku-uz-e-ni, kukana, mwini, nthawi, wochitiridwa, tsinde, zonse m'mawu amodzi, ndiye muyenera kulemba pulogalamu ina yoti izipanga malamulowo. Wa masters angaitenge, kapena gulu la anthu atatu. Zomasulira ma menu a Scribus m'Chichewa nazonso n'zotheka, pali chida cha Qt Linguist, koma ine kunena zoona sindikuziika patsogolo. Amene timagwira ntchitoyi tinazolowera kale File ndi Print, chimene chikutivuta ndi zimene zikutuluka papepala.

Wina anena kuti kodi azungu a Scribus angalabadire za Chichewa? Taonani zimene anachita anzathu a ku Oman. Kwa zaka zambiri Scribus sinkatha kulemba bwino Chiarabu, zilembo zake zolumikizana komanso zoyenda kuchokera kumanja. Gulu la ku Oman linalowamo, linagwira ntchito limodzi ndi eni pulojekiti kukonzanso mmene pulogalamuyi imayalira mawu pogwiritsa ntchito chida cholumikizira zilembo cha HarfBuzz, ndipo kuyambira version 1.5.3 Chiarabu ndi ziyankhulo za ku India zinayamba kutuluka bwino. Anali ndi vuto lawo, analikonza okha, dziko lonse likudyerera. Zathuzi n'zopepuka kuyerekeza ndi zimenezo.

Palinso nkhani ya ndalama imene ana ambiri sadziwa. Google Summer of Code inayamba mu 2005, imalipira anthu kuti alembe code m'mapulojekiti a open source, a code yapoyera ngati Scribus, kwa miyezi ingapo akutsogoleredwa ndi mentor, ndipo kuyambira 2022 sikuti mpaka ukhale wa pasukulu, bola uli ndi zaka 18 kupita m'tsogolo ndipo ndiwe watsopano m'zimenezi. Summer yawoyo ndi nthawi yathu yozizira, Juni, Julayi mpaka Ogasiti, ndipo zofunsira zimatsegulidwa cha mu Malichi. Scribus inakhalapo nawo zaka zingapo m'mbuyomu, LibreOffice ndi Inkscape amapezekamo kawirikawiri, mndandanda umasintha chaka chilichonse nde uziyang'ana ukatuluka. Koma ndinamuchenjeza kuti samasankha munthu amene wangotulukira tsiku lofunsira. Amafuna amene anamuonapo kale, anafotokozapo bug, cholakwika cha mu pulogalamu, momveka bwino, anatumizapo kachigamba ka code kakang'ono, anayankha ulemu atamubwezera ntchito kuti akonzenso. Ndipo fayilo yodulira mawu a Chichewa ikagwira mu Scribus ndiye kuti igwiranso mu LibreOffice, wagenda mbalame ziwiri.

Nkhawa yake yomaliza inali ya alekichara, akuti ankolo akandibweza kuti ndi yaing'ono, ilibe database, ilibe login. Apa ndikupempha inu aphunzitsi amene mungawerenge izi. Pulojekiti imeneyi imayezeka kuposa system ya hostel. Mwana atenge mawu 3,000 ochokera m'zolemba zenizeni, anthu awiri odziwa chiyankhulo awadule pamanja aliyense payekha, kenako ayerekeze ndi zimene pulogalamu yake yadula, awerenge kuti yalakwa kangati, yaphonya kangati, akonze, ayesenso. Apite mushopu ngati yanga ndi wotchi, aone kuti kabuku ka masamba 16 kankatenga mphindi zingati kale ndipo pano kakutenga zingati, mapepala owonongeka achepa bwanji. Ndiye pamapeto atumize ntchito yake kwa eni Scribus kapena LibreOffice, ayankhidwe ndi anthu amene sakumudziwa, amene sangamukondere.

Anasankha ziwiri, kudula mawu ndi kabuku, ndipo anamuvomera. Patatha masabata atatu ananditumizira fayilo yoyamba pa WhatsApp, kakang'ono kwambiri moti ndinayamba ndakayika ngati katumizika konse. Anandilondolera pafoni foda yoti ndikaikemo, ndinatsegula mbiri ija ya mayi wachikulire imene ndinaisunga mpaka lero, ndinachotsa zodula zanga zonse zapamanja n'kuisiya kompyuta ichite yokha. Zidzukulu anaduka pa zidzu, kulu n'kutsikira pansi. Ndinayang'ana mzere umenewo kanthawi ndithu. Koma m'munsi mwake Blantyre anaduka molakwika monga tinanenera, ndipo m'bale anasiya m' yekha kumapeto kwa mzere, nde ndinajambula sikirini n'kumutumizira, iye akuti ankolo musadandaule ndaona pamene pali vuto, munditumizire zina zambiri.

Pano ndikumusonkhanitsira zolemba. Madzulo ndikatseka ndimatsegula mafayilo akale, nyimbo za kwaya za Chisena, malipoti a amayi a Mvano, mayeso a Chichewa a Sitandade 7, ndimachotsamo maina a anthu n'kuika mufoda yake. Pansi pa tebulo ndamusungiranso katoni ya mapepala amene ndinawononga potembenuza molakwika, kuseri kwa lililonse ndalemba kuti linalakwika bwanji ndipo pa pulinta iti. Akubwera pa holide ikubwerayi, achemwali akuti ayambe wafika kaye kunyumba adye nsima ya makakana, kenako ndi pamene abwere kushopu ndi laputopu yake, tidzayese pa pulinta yakale ija imene imakoka pepala chozondoka.